Maluwa Achikasu a pa Mpanda wa Azakhali Tisa

Kabwata, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali ya pawindo la mankhwala, pa kiliniki ina yaing'ono ya ku Kabwata. Ndinafika ndili mtsikana wongomaliza kumene maphunziro, nditavala yunifolomu yoyera imene inandikulira m'mapewa. Dalitso ndi Tiyanjane, ana anga, inu mumandidziwa ndili mayi wa mawu okhwima, koma tsiku limenelo botolo loyamba la mankhwala a chifuwa limene ndinanyamula linandipulumuka n'kuswekera pansi. Mkulu wa pamalopo anali ba Sisita Mulenga, mayi wamtali wochokera kumpoto, amene nsapato zake zinkamveka iye asanaoneke. Anaima pakhomo, n'kuyang'ana madzi ofiira akuyenderera pansi, kenako n'kuyang'ana ine, n'kundilonjera m'chilankhulo cha kwawo.

"Muli shani, ba Esnati? Mwabwela kupasa anthu mankwala, olo kumwesa simenti?"

Ndinasowa poyang'ana. Iwo anangondipatsa mopu n'kunena kuti, "Pukutani. Mailo kukacha mubwele na manja yanu yeniyeni, aya mwabweleka muwabweze." Anthu ankawaopa mayi amenewa, koma ine ndinawakonda, chifukwa akakukalipira m'mawa, masana ankakugawira mbatata yawo ngati palibe chachitika.

Masiku amenewo mashelufu anali odzaza. Mankhwala amadzi ankabwera m'zigubu zikuluzikulu, ife n'kumathira m'timabotolo timene odwala ankabwera nato kuchokera kunyumba. Chipinda chonse chinkanunkhira sipiriti ndi sopo. Mwezi ukatha tinkayenda wapansi ndi anzanga mpaka ku Kamwala kukasankha nsalu, kenako n'kuwolokera m'tauni kukayang'ana madiresi a m'mawindo a mu Cairo Road, amene sitinkawagula koma tinkawagawana ndi pakamwa. Lusaka inali yaing'ono. Ukakwera basi sunkalephera kupezamo munthu wa kwanu.

Ndinkakhala ku Chelstone kwa azakhali anga a Tisauke, mlongo wa atate, amene komboni yonse inkawatchula kuti ba Anti Tisa. Atate atamwalira ku Katete, ndi azakhaliwo amene anabwera kudzanditenga, n'kundilera ngati wobala okha, poti iwo analibe mwana. Anagwira ntchito yolera ana kwa zaka zambiri ku Kabulonga, pa banja lina lochokera ku chilumba cha kutsidya kwa nyanja. M'nyumbamo munali mayi wokalamba amene ankawakonda azakhali, ndipo ndi iye anawaonetsa kuti chomera china choyanga pa mpanda wa pamenepo sichinali chokongoletsa chabe. Banjalo litabwerera kwawo, azakhali anadula kanthambi n'kukadzala pa waya wa kunyumba kwawo. Pofika nthawi imene ine ndinkayamba ntchito, kanthambiko kanali katakuta mpanda wonse mpaka kulendewera kumsewu.

Eni maluwa amachitcha alamanda, koma azakhali ankangoti lipenga, chifukwa duwa lake ndi lachikasu ndipo limayasama ngati lipenga la gulu loimba. Masamba ake ndi onyezimira ngati apakidwa mafuta. Ukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka, ndipo utomoniwo ukakhalitsa pakhungu umayabwa n'kutulutsa matuza. Zala za azakhali zinali zong'aluka chaka chonse chifukwa cha umenewo. Ankawiritsa masamba ake n'kupatsa akuluakulu odzimbidwa ndi ovutika ndi njoka za m'mimba, ndipo ena ankabwera akuti amawathandiza pa malungo ndi chikasu, ngakhale zimenezo ine sindinazionepo umboni wake. Za kutsegula m'mimba zokha ndiye ndinaziona ndi maso: munthu akamwa sankapita kutali ndi chimbudzi. Azakhali anali ndi malamulo awo. Mwana sankamupatsa, mayi woyembekezera sankamupatsa, ndipo aliyense ankamwera pakhonde pawo iwo akuona. Ankakonda kunena kuti, "Uyu mtengo ni galu wolusa. Amalonda nyumba bwino, koma osamumasula pali ana."

Chelstone, zaka za m'ma 1980

Nditakwatiwa ndi atate anu ndinapempha kuti andisamutsire kufupi ndi kunyumba, ndipo anandipatsa malo pa kiliniki ina ya ku Chelstone komweko. Tinapeza nyumba yalendi misewu yochepa kuchokera kwa azakhali. Inu nonse awiri munakulira pakhonde lawo. M'mawa ndinkakusiyani kumeneko, madzulo n'kukupezani mwasamba, mwadya, Tiyanjane ali kumsana, Dalitso akuthamangitsa nkhuku. Munkawatchula kuti ambuye, ndiye kuti agogo, ndipo iwo akamva dzinalo nkhope yonse inkawala.

Zimenezo ndi zaka zimene zinthu zinasowa. Tinkaima pamzere wa ufa, wa mafuta ophikira, wa sopo, nthawi zina osadziwa n'komwe kuti kutsogoloko akugulitsa chiyani. Ukangoona mzere unkaima kaye, kufunsa pambuyo. Chodabwitsa n'chakuti ndikakumbukira masiku amenewo sindimva kuwawa kokha. Pamizere ija ndi pamene tinkaseka kwambiri, ndipo mnzako akapeza shuga ankakutumizira m'kapu osayembekeza kuti upemphe. Koma kuntchito kusowako kunalibe nthabwala. Mashelufu aja anayamba kuoneka matabwa. Mawu amene ndinkanena kwambiri pawindo anali akuti, "Yasila, mukagule ku kemisiti m'tauni," kutanthauza kuti mankhwala atha, ndikudziwa bwino lomwe kuti munthu amene ndikumuuzayo ngakhale ya basi alibe.

Bwana wanga kumeneko anali ba Mwansa, amene ankaona odwala m'malo mwa dokotala. Anali bambo wamfupi wodekha, wobwera pa njinga yakuda, thalauza atalimanga ndi zopanira zovala kuti lisakodwe mu tcheni. Ankati akafika amasuzumira m'chipinda changa n'kufunsa kuti, "Ba Esnati, lelo tili na chani mu shopu yathu?" Ndikawauza kuti panado yekha, ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Chabwino. Lelo onse azadwala mutu chabe." Koma ndinkawaona akakhala okha atagwira chibwano, akuyang'ana mzere wa panja.

Anthu amene ndinkawabweza pawindo ambiri ankathera kwa azakhali. Ndinkadziwa, ndipo sizinkandisangalatsa. Tsiku lina ndikukutengani madzulo ndinapeza pakhonde padzaza, mphika uli pambaula. Anthu atapita ndinawauza kuti, "Anti, anthu achuluka maningi. Tsiku lina kuzachitika ngozi."

Iwo anapitiriza kutsuka makapu. "Manje iwe uwapasa chani kuja? Mashelufu? Munthu akabwela kulila pakhomo panga nimuuze kuti yasila, monga iwe?"

Ndinakunyamulani n'kumapita.

Chelstone, dzinja la kolera

Kenako kunabwera dzinja lija la kolera, zaka za m'ma 1990 zitangoyamba. Mvula inagwa yosalekeza, zimbudzi za m'makomboni zinasefukira, ndipo anthu anayamba kufa. Lamulo linabwera lakuti aliyense wotsegula m'mimba kwambiri ndi kusanza asagonekedwe pa kiliniki, koma atumizidwe kumalo apadera kumene ankasonkhanitsa odwala kolera. Anthu ankawaopa malo amenewo kuposa matendawo. Ukalowa abale sankakuona, ndipo ukafera komweko maliro ako sankafika kunyumba.

M'mawa wina kunafika mayi wina wa mumsewu wa azakhali, amene tinkamutchula kuti amake Misozi, atabereka mwana wake Misoziyo, mtsikana wa kupulayimale, wamkulu kale moti miyendo inkalendewera mpaka m'mawondo a mayi ake. Mwanayo maso anali atalowa, akusanza, akutsegula m'mimba, akudzipinda ndi kupweteka. Ndinamuzindikira msanga, chifukwa dzulo lake mayi yemweyo anabwera naye ali ndi malungo, ine n'kumuuza kuti mankhwala a malungo atha. Ba Mwansa anamugoneka pa benchi ndipo anatumiza uthenga woti galimoto ya odwala kolera idutse. Koma ndinaona kuti akukayika. Anayang'ana milomo ya mwanayo, imene inali yofiira ndi yotupa, n'kumugwira pamimba, mwana n'kukuwa.

"Kolela sipweteka m'mimba so, ndipo siocha milomo," anatero. "Amake mwana, mwamupasa chani?"

"Kulibe, ba dokota. Madzi chabe."

Anafunsanso, mayi uja n'kukanabe, maso ali pansi. Ine ndinali nditabweretsa madzi a mchere ndi shuga, ndipo pomupatsa mayiyo kapu ndinaona zala zake. Zinali ndi matuza ang'onoang'ono m'mbali mwa zikhadabo. Zala zoterozo ndinakula ndikuziona tsiku ndi tsiku. Ndinamukoka mayiyo mpaka kuseri, pa mpopi, n'kumufunsa mwachindunji ngati anamumwetsa mwana lipenga.

Anayamba kulira. Anati atachoka pawindo langa anapita kwa ba Anti Tisa, koma iwo anamukaniza kuti mwana sapatsidwa, n'kumuuza kuti akabwereke ndalama apite m'tauni. Iye pobwerera anangothyola masamba amene ankalendewera kumsewu, ambiri ndithu, n'kukawiritsa yekha kunyumba. "Napapata ba Esnati, osakamba," anatero atandigwira mkono. "Amuna anga azanipaya. Na ba Anti azamangiwa, ndipo sanalakwe."

Ndinaima pa mpopi paja madzi akudontha. Ndikanakhala chete, galimoto ikanabwera n'kumutenga mwana wofooka kale kukamugoneka pakati pa anthu a kolera yeniyeni, ndipo sindinkakhulupirira kuti akanatulukako. Ndikanena, ba Mwansa akanayenera kufotokozera akuluakulu chifukwa chimene aphwanyira lamulo, ndipo nkhaniyo ikanathera pakhomo pa mayi amene anandilera, amene nthawi yomweyo anali akukudyetsani phala inuyo. Sindinganame kuti ndinapemphera kapena kuganiza mozama. Ndinangomva mwana uja akubuula m'katimo, miyendo n'kuyamba yokha kuyenda.

Ba Mwansa anamvetsera osandidula. Kenako anati, "Tili na madilipu?" Ndinati alipo ochepa amene tinkasungira amayi obereka. Anati ndibweretse. Tinamugoneka Misozi m'kachipinda kapambali, ndipo galimoto itafika ba Mwansa anatuluka okha kukalankhula ndi woyendetsa, galimotoyo n'kubwerera yopanda munthu. Dzuwa likupendeka mwanayo anatsegula maso n'kupempha madzi. Mankhwala a malungo ba Mwansa anakawapempha kwa mnzawo wa pa kiliniki ina, pa njinga yawo ija, mvula ikuwakwapula.

Atabwerako, akudontha madzi, anandiitanira muofesi. "Ba Esnati, uyu mtengo uli kuti? Amai ena aona, ndipo mankwala tilibe. Mailo kuzabwela mwana wina, ndipo madilipu yazakhala yasila." Ankadziwa kale yankho, chifukwa Chelstone yonse inkadziwa. Koma ankafuna kuti lichoke pakamwa panga, kuti ndisadzati anandizembera. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa, ndipo iwo sakanandikakamiza. Ndinawauza nyumba yake, ndi dzina, ndi kuti ndi azakhali anga. Ndinawauzanso kuti iwo anakana kumupatsa mwanayo. Anati zimenezo adzazinena, ndipo ndikhulupirira kuti anazinenadi, koma sizinathandize.

Patapita masiku ochepa anthu a zaumoyo anafika kwa azakhali ndi zikwanje ndi makasu. Anadula chomera chonse, kukumba mizu, kuunjika pamsewu n'kutentha. Anatenga mphika ndi makapu, n'kuwachenjeza azakhali pamaso pa khamu kuti akadzamvanso adzabwera ndi apolisi. Anthu omwe aja ankamwera pakhonde pawo ndi amene anayamba kunong'ona kuti mayi wopanda mwana uja amafuna kupha mwana wa mnzake. Mawu akuti mfiti anamveka. Kumpingo akuluakulu anawauza kuti ayambe apuma pa gulu la amayi mpaka nkhani izizire, ndipo azakhali, amene ankatsogolera nyimbo pa maliro onse a m'dera lathu, anapinda bulauzi yawo yoyera n'kuiika m'sutikesi.

Madzulo a tsiku lodulalo ndinapita kukakutengani. Mpanda unali waya wokhawokha, nyumba ili poyera ngati munthu wometedwa mpala. Ndinapeza zovala zanu zonse zili m'thumba la pulasitiki pakhomo, inu mutakhala pambali pake, mwasamba kale. Azakhali anaima m'kati mwa chitseko.

"Anti, lekani nikambe."

"Unakamba kale, mwana wanga. Tenga ana ako. Nyumba ya mfiti siyenela ana a ba nesi."

Anatseka chitseko pang'onopang'ono, osamenyetsa. Dalitso, iwe unandifunsa m'njira kuti ambuye akwiya chifukwa unaswa kapu, ndipo ine ndinati iyayi, atopa chabe. Kwa zaka zonsezi mwakhala mukundifunsa chimene chinachitika kuti tisiye kupita kwa ambuye, ine n'kumazemba. Nkhani yake ndi imeneyi.

Woodlands, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Sindinathe kupirira kudutsa mumsewu umenewo. Ndinkatumiza ufa, ufawo n'kubwerera. Ndinatuma akulu a mpingo, iwo n'kubwerako akupukusa mitu. Patapita chaka ndinapempha kusamuka, ndipo ananditumiza ku kiliniki ina ya ku Woodlands, ife n'kupeza nyumba ku Kabwata. Ba Mwansa ponditsanzika anangoti, "Misozi apita ku sukulu. Muzikumbukila icho." Ndinkakumbukira, koma sizinkandigonetsa tulo.

Ku Woodlands zinthu zinali zitayamba kusintha. Mankhwala anayamba kupezekako, ngakhale tsopano anthu ankalipira pakhomo. Misewu inali ya mithunzi, nyumba zili m'kati mwa mipanda italiitali. Chimene chinkandipweteka n'chakuti pa mipanda yambiri ya kumeneko, ndi ya ku Kabulonga ndikadutsa pa minibasi, lipenga lija linali mbwee, lachikasu, anyamata a m'dimba akulithirira ndi mapaipi. Kumeneko palibe anabwera ndi chikwanje. Linali duwa basi, ndipo eni ake mwina sankadziwa n'komwe chimene chili m'masamba ake.

Zaka zinapita ndithu, inu n'kufika ku sekondale. Tsiku lina masana ndikugawa mankhwala, dzanja linalowa pawindo ndi kapepala ka dokotala ka mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ndinawerenga dzina ndisanayang'ane nkhope. Nditadzutsa mutu ndinaona azakhali, atachepa thupi, tsitsi loyera likusuzumira m'mphepete mwa duku. Kuchokera ku Chelstone kufika ku Woodlands ndi mabasi awiri, ndipo kwawo komweko kiliniki inalipo. Anali atakhala pa benchi kuyambira m'mawa, akundiona, osatuma munthu kuti adzandiuze.

"Anti! Mwakhala pa laini nthawi yonse iyi? Simunaniitane bwanji?"

"Nabwela monga odwala ena. Nipase mankwala yanga, kuli anthu kumbuyo."

Ndinawapatsa n'kuwafotokozera kamwedwe kake. Anamvetsera mpaka kumapeto ngati sakundidziwa. Ndinapempha mnzanga kuti andigwirire pawindo, n'kuwathamangira. Ndinawapeza pachipata, ndipo tinayenda limodzi kupita pokwerera basi, iwo patsogolo pang'ono. Ndinali nditakonza mawu ambiri pa zaka zonsezo, koma onse anathawa. Anayamba ndi iwo, akuyang'ana kumsewu.

"Misozi akwatiwa mwezi wa mawa. Anabwela na amake kunipempha kuti nikamulange. Amake anagwada pa bwalo panga, anakamba zonse, anthu akumvela." Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana. "Ine sininalakwe, Esnati."

"Niziba, Anti."

"Na iwe sunalakwe. Ndiye chinanikalipisa maningi icho. Ukanalakwa, sembe ninakukhululukila kudala."

Minibasi inaima, kondakitala akukuwa za m'tauni. Ndinawagwira chigongono kuti akwere, ndipo sanachotse mkono. Atakhala pampando anatsegula windo n'kundifunsa ngati Tiyanjane akadali wokana kudya therere. Ndinati akadakanabe.

"Ni chifukwa uphika iwe," anatero. "Ubwele nao pa Sondo."

Lamlungu limenelo mukulikumbukira nonse. Dalitso unachita kuwerama polowa pakhomo, ambuye n'kukumenya kambama kachikondi kuti wakula osawapempha. Tiyanjane unadya therere mbale yonse. Ine ndinakhala pakhonde ndi atate anu, ndikumva mukuseka m'katimo. Kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene anamwalirira m'nyumba mwathu ku Kabwata, ine ndi azakhali sitinaitchulenso nkhani ya lipenga ngakhale kamodzi.